Mubwerenso Nthawi Ina: Ulemu kwa Mlonda wa Maimelo Athu

Mmawa uliwonse 7 koloko ikangokwana, tiyi asanapole, ndimalandira kalata yochokera kwa mlonda wathu. M'kalatamo amandandalika makalata onse amene wawagwira usiku kuti ine ndisavutike n'kuwawerenga. Ndiye ndimakoka mpando, kunyika chitumbuwa m'kapu, n'kuyamba kuwawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pa ntchito imeneyi timamulipira mwezi ndi mwezi, m'madola, pa bokosi lililonse la imelo la pa ofesi pathu. Ine ndikuti ndalamazo n'zochepa.

Kwathu kuno timakonda kuyamikira munthu atagona m'bokosi, pamene sangathenso kuyankha. Ine ndati ayi, uyu ndimutamande akadali pa ntchito. Dzina la kampani yake sinditchula, chifukwa anthu aulemu satchulidwa mayina pagulu.

Mlonda ameneyu alibe chibonga, alibe tochi, alibe chijasi cha mu Juni. Sanapemphepo adivansi, ndipo agogo ake sanamwalirepo katatu chaka chimodzi. Ku Limbe kuno sanapondeko. Amakhala kutsidya kwa nyanja, m'chinyumba chozizira chodzaza makompyuta. Mnyamata wathu wa IT anandifotokozera kuti pa intaneti pali kachikwangwani kotchedwa MX record, kamene kamauza dziko lonse kumene makalata a kampani ayenera kufikira. Kale kankaloza kabokosi kathu kolira ngati chigayo kuseri kwa kabati. Lero kamaloza kwa mlondayo. Ndiye anzathu a khomo loyandikana nalo, amene timabwerekana nawo shuga ndi sitepula, akatitumizira kotesheni, kotesheniyo imayamba yawoloka nyanja, kukasechedwa m'matumba, kenako n'kuwolokanso kudzatipeza ife amene tili kuseri kwa khoma. Ikanakhala munthu bwenzi ikufunsa za alawansi.

Musamuone chonchi, mlondayu ndi wa ku banja lalikulu. Mdani wake anabadwa mu Meyi 1978, pamene Gary Thuerk, wotsatsa malonda ku kampani ya makompyuta ya DEC ku America, anatumiza uthenga umodzi kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti. Anthu anakwiya, koma mbewu inali itagwa kale m'nthaka. Dzina la mdaniyu lakuti spam analibwereka ku nyama ya m'chitini imene kampani ya Hormel inayamba kugulitsa mu 1937, kudzera m'sewero la a Monty Python la mu 1970, mmene muli lesitilanti yoika nyamayo pafupifupi m'chakudya chilichonse, ufune usafune. Mu Januwale 2004, ku Davos, Bill Gates analonjeza kuti vutoli likhala litatha pomatha zaka ziwiri. Ife amene takhala tikulonjezedwa mlatho chisankho chilichonse tinamva mawu amenewo ngati ochokera kwa mbale wathu weniweni. Patangopita zaka zitatu, mu 2007, Google inatulutsa madola 625 miliyoni kugula Postini, kampani imene ntchito yake inali yomweyi ya ulonda. Munthu sagula agalu odula chonchi ngati akuba anatha.

Koma chimene chinandigwetsa m'chikondi ndi mlondayu si mbiri ya makolo ake. Ndi kanzeru kamodzi kamene akatswiri amakatcha greylisting, kamene Evan Harris anakalongosola mu 2003. Tamvani mmene kamayendera. Kalata ikafika pageti kuchokera kwa munthu amene mlonda sanamuonepo, iye saikana, komanso sailandira. Amangoyankha ndi nambala, kawirikawiri 451, imene tanthauzo lake m'Chichewa chomveka ndi lakuti: pepani, panopa sizitheka, mubwerenso nthawi ina. Seva yoona mtima imaweramitsa mutu, kupita, kudikira mphindi zingapo, n'kubweranso. Pulogalamu ya akathyali, imene ili ndi makomo mamiliyoni oti igogode, nthawi zambiri sibwerera. Amene wabwereranso ndiye woona, alowe.

Nditamva zimenezi ndinaimirira n'kuvula chipewa. Abale anga, azungu anachita kukhala pansi, kulemba mapepala, kupanga mapulogalamu, kuti atulukire nzeru imene bambo wina wa pa windo lachitatu ku ofesi ina m'tauni muno wakhala akuigwiritsa ntchito kuyambira ndili mwana! Inu mukumudziwa. Jekete lake limakhala pampando, iye mwini kulibe. Ukamupeza, fayilo yako siikupezeka. Fayilo ikapezeka, osayina apita ku semina kunyanja. Osayina akabwera, sisitimu yagwa. Mubwere mawa. Zaka zonsezi ife tinkamunena kuti ndi waulesi, osadziwa kuti mkuluyu akusefa. Akufuna aone ngati chiphaso chimene ukufunacho ukuchifunadi ndi mtima wako wonse. Amene watopa pa ulendo wachinayi, ndiye kuti sankachifuna kwenikweni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusiyana kwake n'kumodzi, ndipo apa mundilole ndichotse kaye suti ya mwambo. Mlonda wa kutsidya akati mubwerenso, ukabweradi amatsegula geti, ndipo amakulemba m'buku kuti ulendo wina usadzadikirenso. Bambo wa pa windo lachitatu ukabwerera amakuyang'ana ngati wagwa kumwamba lero lomwe. Ndinayendera kapepala kamodzi milungu isanu ndi umodzi, thiransipoti yanga, nsapato zanga, mpaka tsiku limene ndinamvetsa kuti funso lakuti kunja kukutentha bwanji silinali la zanyengo koma la ya fanta. Makina sadziwa ya fanta. Mwina n'chifukwa chake sanawakweze pa ntchito.

Tibwerere ku chitamando. Ukadutsa pa mubwerenso, mlonda amafunsa mapepala. Pali SPF, imene ili ngati kalata ya amfumu yotsimikiza kuti seva imeneyi ndi ya m'mudzi mwawo ndipo inaloledwa kulankhula m'dzina lawo. Pali DKIM, chidindo chosonyeza kuti kalata sinasinthidwe panjira. Pali DMARC, malangizo a eni dzina onena choti achite ndi munthu wopanda mapepala, kaya amulowetse, kaya amutsekere, kaya amubweze. Kenako amakuthira pa sikelo. Pulogalamu yotchuka ya SpamAssassin imapereka mapointi pa tchimo lililonse, ndipo mwa chizolowezi ukafika pa 5 wapezeka wolakwa. Masamu ena a pa sikelopo ndi a Thomas Bayes, m'busa wa Chipresibateriya amene anamwalira mu 1761, ndipo Paul Graham anawatchukitsa pa nkhondo yolimbana ndi spam mu 2002. Inu amene munaitanidwapo kukaonekera pamaso pa akulu a mpingo mukudziwa kuti anthu amenewa nkhani ya kuyeza machimo saiseweretsa.

Olephera mayeso amawatsekera m'chitokosi, chimene eni ake amachitcha quarantine, ndipo mndandanda wa 7 koloko uja ndi kaundula wa akaidi. Ndivomere pano pamaso panu kuti palibe nthawi ina pa tsiku imene ndimaikonda kuposa imeneyi. Mmenemo ndimakumana ndi mayi wamasiye wa mkulu wa asilikali, amene mwa anthu onse a pa dziko lapansi wasankha ine kuti ndimusungire madola mamiliyoni. Chinyengo chimenechi amachitcha 419, potengera gawo la malamulo a milandu a ku Nigeria, koma mayiyo ulemu ali nawo: amanditcha wokondedwa, mawu amene kunyumba ndinawamva komaliza chaka cha ukwati. Mmenemo ndapambana mipikisano imene sindinalowe. Mmenemo muli madokotala odera nkhawa mphamvu zanga za m'nyumba kuposa mmene ine mwini ndimazidera. Ndipo pakati pa mbava zonsezi, atakhala mwakachetechete ngati mlaliki womangidwa molakwika, mumapezeka kalata yotiitana kukapikisana nawo pa tenda, imene tsiku lake lotsekera linali dzulo.

Anzanga pa ofesi amakalipa zikatere. Ine ndimati, walira mvula walira matope. Komanso tinene zoona, mlondayu tinamuphunzitsa ndife. Iye amaphunzira pa zimene ife timadina. Abwana athu, Mulungu awasunge, kalata iliyonse yowakumbutsa ngongole amaidinira batani la zinyalala, mwina poganiza kuti ngongoleyo ipita nayo limodzi. Lero mlonda akangonunkhiza invoyisi amaliza wezulo. Amayi a ku akawunti amatumizira ofesi yonse mauthenga oti ugawire anthu khumi kuti udalitsidwe lisanathe sabata. Ndiye pali achimwene a pa shopu yosindikiza ya pansi pathu, amene kompyuta yawo ili ndi mavairasi ochuluka kuposa nsikidzi za ku resitihausi. Ife ndi iwo timatulukira pa adiresi imodzi ya intaneti. Tsiku lina kompyutayo inayamba kulavula makalata usiku wonse, adiresiyo n'kulembedwa m'buku la oipa, mtundu wa mabuku amene mabungwe ngati Spamhaus akhala akusunga kuyambira 1998. Kutacha, makalata athu ankabwezedwa pa mageti a anthu ena ngati a wakhate. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Achimwenewo mpaka lero amati vuto linali magetsi.

Ena amamunena mlonda wathu kuti amaopa suti. Amakumbutsa za kalata ija imene inafika Lachisanu masana, yaulemu, yachingerezi chosalala, yopanda linki, yopanda chomata, yongonena kuti kampani imene timagulako mapepala yasintha akaunti ya ku banki, ndalama tizitumiza ku yatsopano. Mapepala ake onse anali m'malo, chifukwa mbala inali italowa m'bokosi lenileni la kampaniyo. Mlonda anaimenyera sawatcha n'kuitsegulira geti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinatipulumutsa ndi chakuti amayi a ku akawunti aja sakhulupirira munthu aliyense pa nkhani ya ndalama, ngakhale amuna awo, ndiye anaimba foni kaye. Koma ine ndifunse: ndi geti liti m'dziko muno limene linaimitsapo munthu wa tayi ndi galimoto ya magalasi akuda? Amene amasechedwa ndi wa njinga ya kabaza. Mlonda wathu anangophunzira mwambo wa eni mudzi, ngakhale sanaupondemo.

Umboni wake ndi malume anga. Iwo amalemba mutu wa kalata m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha, amaika zizindikiro zofuula zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhani yake nthawi zonse ndi ndalama zofunika lero lomwe. Pa sikelo ya mlonda, amenewa ndi machimo atatu pa mzere umodzi. Kalata zawo zimafikira m'chitokosi, ndipo ine ndimaziona bwinobwino 7 koloko, pambali pake pali kabatani kopereka belo. Ndimamwa tiyi. Kwathu akaidi amasungidwa masiku 14, kenako amasowa osasiya manda. Malume akaimba foni ndimayankha ndi mawu achisoni: “Pepani malume, sindinaione, iyenera kuti inalowa mu spam.” Ndi mphatso yaikulu bwanji imene mlondayu wapereka ku mtundu wathu! Bodza lakuti netiweki inavuta linali litakalamba, mano atatha. Ili ndi latsopano, ndipo theka lake ndi loona. Ndikudziwanso kuti amene ndimawalondola ngongole amandiuza mawu omwewa, ndi chisoni chomwechi, tiyi ali m'manja.

Mwezi wina madola anasowa ku banki, sitinalipire, mlonda ananyamula katundu wake mwakachetechete. Mnyamata wa IT analozetsanso kachikwangwani kaja ku kabokosi kathu kakale. Lolemba lake ndinapeza makalata osawerengeka, amayi amasiye ali pa mzere, madokotala akukankhana, malume ali patsogolo penipeni popanda chondibisa. Abwana anadina linki yolonjeza mphoto, kompyuta yawo n'kuyamba kulankhula malilime. Pofika Lachitatu, onse amene ankamutukwana mlonda anali akufunsa kuti kodi abwera liti. Sabata imeneyo malume ndinawatumizira ndalama.

Mlonda anabwerera, ndipo sanasunge mangawa. Koma chimene chinandichititsa kulemba mawu onsewa chinachitika sabata yatha. 7 koloko inakwana, kalata ya mlonda osafika. 8 koloko, zii. Tiyi anapola, chitumbuwa ndinadya chouma. Chakumasana ndinalowa ndekha kukasuzumira m'chitokosi, ndipo ndinaipeza ili mmenemo, pakati pa mayi wamasiye ndi malume. Mlonda anaiyang'ana kalata yakeyake, naona kuti yadzaza mitu ya mamiliyoni, mphoto ndi mankhwala a mphamvu, naithira pa sikelo, naipeza yolakwa, naitsekera.

Tandiuzani, inu amene mwayenda m'maofesi ambiri kuposa ine, munamvapo za wogwira ntchito amene anafufuza nkhani, napeza kuti wolakwa ndi iye mwini, nadzitengera yekha kuchitokosi popanda komiti, popanda kusamutsidwira ku dipatimenti ina? Ine ndinadina kabatani ka belo ndi manja awiri, monga mmene timalandirira mphatso kwa akulu. Kalata ya malume ndinaisiya momwemo. Yatsala ndi masiku 9.