Chinsinsi cha Matimati

Padangokhala Kalulu wa pa Mzimba boma. Munda adalibe, khola adalibe, ndipo m'dziko la Angoni wopanda ng'ombe akayankhula pa sangweni, akuluakulu amangofwenkha fodya wawo ngati palira mphepo. Chuma chake chidali chimodzi: foni yaikulu yomwe msuweni wake Namzeze adamubweretsera pa Khirisimasi kuchokera ku Joni. Agogo ake a Namzeze adapitako ndi Wenela, atate ake ndi TEBA, iye amayenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo chaka chilichonse amabwera ndi nkhani yatsopano.

"Msuweni, kumene kuja anthu akugulitsa nzeru," adatero Namzeze. "Umalemba kabuku, n'kukaika pa WhatsApp. Munthu akatumiza ndalama, iwe umangodina."

"Ndikadina, kabukuko kapita?"

"Sikapita. Nkhuku ukagulitsa, chitele chimatsala chopanda kanthu. Koma aka ugulitsa lero, mawa ukapeza kali momwemo."

Makutu a Kalulu adaima njo! Vuto lidali limodzi, laling'ono: nzeru yoti agulitse adalibe.

Tsono pakati pa Embangweni ndi Jenda, m'mphepete mwa dambo, mudali nkhalamba ina, a Fulu. Matimati adayamba kulima Kalulu asadabadwe. Nzeru zawo sadabisepo, aliyense akadafuna akadatapa ulele, koma padalibe wopita chifukwa a Fulu amayankhula ngati mmene amayendera. Kalulu adakwera matola, n'kutsika pa Embangweni, kwinako adamaliza wapansi.

"Monire, asekuru."

"Yewo... mzukulu. Wa kwa... yani... iwe?"

Kalulu adadzifotokoza, nati wabwera kudzaphunzira ulimi kuti asiye kuyendayenda. Foni adaiika pa chitsa, atadina pojambulira mawu. A Fulu adaiyang'ana foniyo nthawi yaitali, kenaka adayamba. Adanena za kutentha dothi la nazale ndi mapesi, za manyowa a m'khola oti awolerane kaye, za kuwokera mbande madzulo dzuwa litapepa. Adasiyanitsa Tengeru, wolimba khungu ndi wopirira pa ulendo, ndi Money Maker, wobereka koma wosachedwa kufewa. Adanena za kuzika timitengo, kuthena mphukira, kuthirira patsinde osati pamasamba kuopa chiwawu. Dzuwa lidafika paliwombo, n'kupendeka. Kalulu adali atayasamula kosawerengeka, batire yatsala kamzere kofiira.

"Tsono... chachikulu... pa zonsezi... mzukulu..." A Fulu adatsokomola, nayamba kufunafuna nsupa ya fodya m'chigoba mwawo.

Foni idazima. Kalulu adati, "Yewo chomene, asekuru, matola angandisiye," n'kuliyatsa liwiro.

Sabata isadathe, kabuku kadatuluka. Masamba 12, mutu wake Chinsinsi cha Matimati: Kuchoka pa Njinga Kufika pa Galimoto m'Miyezi 4. Pachikuto padali Kalulu mwini wake atavala magalasi akuda, atatsamira galimoto ya eni yomwe adaipeza itaima pa depoti. Dzina la a Fulu silidalembedwe paliponse. Mtengo udali K5,000, "kapepala kamodzi kokha, abale anga," ndipo poti kwacha idali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza osagwirika, nyama iliyonse imasakasaka pothawira.

Maumboni sadavute. Kalulu adalemba ganyu Bilimankhwe, malipiro ake bandulo ya sabata. M'mawa Bilimankhwe amajambulitsa ali wobiriwira: "Ine mama wa ku Luwerezi, kabuku aka kandimangira nyumba ya malata." Masana ali wofiirira: "Ine dada wa ku Champhira, ndagula ngolo." Madzulo ali wachikasu adasanduka mnyamata wa ku Edingeni yemwe wamaliza malowolo ndi matimati okhaokha. Padalibe amene adafunsa kuti kabuku ka masiku anayi kamanga bwanji nyumba, kapena chifukwa chake onse atatu maso awo amazungulira mofanana.

Ndalama zimadutsa kwa Khwangwala, ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, yemwe amakhala pansi pa ambulera pafupi ndi msika, kolala yake yoyera mbee ngati m'busa, kope lake pamwendo. "Mukalipira tumizani sikirinishoti," amalemba Kalulu. Fisi adagulitsa njinga kuti agule foni yowerengera kabukuko. Nyani adagula kawiri poganiza kuti kachiwiri kakhala kosiyana. Ngakhale ana a mlongo wawo wa a Fulu, omwe amadutsa pa dimba lija tsiku ndi tsiku osaima, adalipira, n'kumawerenga mawu a amalume awo akugwedeza mitu kuti anthu a m'tauni ndi ozindikira.

Pano ndimuikire kumbuyo pang'ono Kalulu, poti ambiri amene amachita malonda awa sakhala ndi mwayi wake: zomwe zidali m'kabukumo zidali zoona. Mzere uliwonse.

Kwa masiku khumi foni imangoti ngwe! ngwe! Kenaka idati zii. Kalulu adakwera pachulu poyesa ndi netiweki. Sidali netiweki. Kabuku kadali katafika paliponse ulele: m'gulupu ya amayi a Umanyano, ya kwaya, ya banki m'khonde, ya zopereka za maliro, ya mpira, mpaka m'gulupu ya ana a kwa Mabiri okhala ku Cape Town, omwe adakabweza kumudzi kwa makolo awo ndi uthenga woti taonani nzeru za kuno. Wina adamutumizira Kalulu mwini wake, ndi mawu oti, "Werenga, usiye ulesi."

Kalulu adakasuma kwa a Mkango. Mlandu udakhala pa sangweni, nduna zitazungulira.

"Andibera, baba."

"Akubera chiyani?"

"Kabuku kanga."

"Kali kuti tsopano?"

"Kali... mufoni mwangamu, baba."

A Mkango adayang'ana nduna zawo. "Kuno ng'ombe ikabedwa timapita kukhola, tikapeza pomwe idagona, titsata mapazi. Iwe chako uli nacho m'manja. Nanga iwe udakatenga kwa yani, ndipo udasiyako chiyani?"

Kalulu adati mlanduwo auganizirabe, n'kuchoka cham'mbali.

Tsamba lachitatu la kabukuko limati: fesani sabata yoyamba ya April, mvula ikamakata. Ndiye kuyambira ku Khosolo mpaka kumalire a Zambia, nyama zonse zidafesa sabata yoyamba ya April. Zidawokera limodzi, kuthirira limodzi, kuthena limodzi. Ndipo poti malangizowo adali a katswiri, matimati adabereka osaoneka masamba.

Inu amene mudaimapo pa Jenda, basi ili pa rodibuloko ya apolisi mu msewu wa M1, mukudziwa mmene amayi amathamangira ku mawindo ndi mabeseni. Chaka chimenecho, pofika August, padalibe pothamangira. Matimati adali m'mbali zonse za msewu, milu ndi milu, psuu! Mavenda a ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzuzu amatsika m'malole, manja m'thumba, osafunsa n'komwe mtengo. Amangotchula wawo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, alimi akuwalondola pambuyo. Chidebe chidatsika mpaka ndalama yake sinkakwanira wakabaza amene wachinyamula. Tsiku lachitatu Money Maker adayamba kuchucha. Tsiku lachisanu ndi Tengeru yemwe adagonja. Fisi adakhala pa mulu wake akulira, koma poti kulira kwa Fisi kumamveka ngati kuseka, padalibe womutonthoza.

Amene adapindula ndi Nguluwe, yemwe amadya zotayidwa, komanso Bilimankhwe. Ntchentche zidachuluka kotero kuti adanenepa mpaka khosi kusowa, ndipo uwu ndiwo umboni woona woyamba umene akadapereka, kungoti padalibe womujambula.

Pamzere wonsewo, kumapeto kwenikweni, padali tebulo limodzi lopanda chofiira chilichonse. Padali anyezi, wouma bwino, womangidwa m'mitolo. Kumbuyo kwake kudakhala a Fulu. Wogula akati achotsereko, iwo amayamba kuyankha, ndipo asadafike pakati pa chiganizo munthuyo amakhala atalipira kale. Wotsala amabwerera naye kunyumba n'kukamupachika kudenga. Anyezi sathamangira munthu.

Nyama zidayamba kumusaka Kalulu. Adazimitsa foni, kusintha nambala, kugona masiku atatu m'nkhalango ya Perekezi. Usiku wina adatulukira pa dimba lija, makutu ali lende.

"Asekuru, mudati chachikulu pa zonsezi... Chidali chiyani?"

A Fulu adapeza nsupa yawo, kutsina fodya, kufwenkha, kuyetsemula.

"Usadafese... suzumira... m'dimba... la mnzako."

"Basi?"

"Basi."

Kalulu adakhala chete. Kenaka khutu limodzi lidadzuka, linalo n'kutsatira. Mmene kumacha n'kuti ali pa boma, akutchajitsa foni, akulemba Gawo Lachiwiri: Chinsinsi cha Anyezi, K7,000 yokha, malo ndi ochepa. Ndikumva kuti Fisi walipira kale, ndipo a Fulu aitanitsa mbewu ya nyemba.

Za amene adamwaza kabuku koyamba m'magulupu, Kalulu amanenabe kuti ndi Nyani. Koma Khwangwala adandionetsa ine kope lake, poti ejenti salemba chabodza pa nkhani ya ndalama. Woyamba kugula, tsiku lomwe kabuku kadatuluka, nthawi ili 6 koloko m'mawa, adalipira pa foni ya kamdzukulu kena ka kufupi ndi Embangweni. Posayinira padali chidindo cha phazi lalifupi, la zikhadabo zobuntha, ndipo Khwangwala akuti mwini phazilo adatenga theka la ola kuwerenga K5,000 yake.