Mbalame mu Msana wa Amalume

Ndivomere lero: amene anaika mbalame mu msana wa amalume ndi ine. Ndinaiika ndi pakamwa pangapa.

Ntchito yanga ndi yoonetsa azungu mbalame kutchire, ndiye kwathu Chingerezi chonse amati n'changa. Amalume atayamba kupsa zala pophula mphika koma osamva kuwawa, ananditenga kuti ndikawamasulire kuchipatala. Atawajambula ndi makina a MRI, dokotala analoza kamzere kotalika kuyambira m'khosi, n'kunena kuti imeneyi ndi syrinx.

Liwu limenelo ndimadyera! Syrinx ndi kachiwalo kamene mbalame imaimbira. Kamakhala m'munsi mwenimweni, pamene njira ya mpweya imagawikana pawiri polowa m'mapapo, n'chifukwa chake mbalame zina zimatulutsa mawu awiri nthawi imodzi. Ndikafotokoza zimenezi alendo amapisa m'thumba. Nanga ndikanadikiranji kuti dokotala amalize?

"Amalume, akuti mu msanamu muli choimbira cha mbalame."

Amalume anangoti kukamwa yasa. Akazi awo anatuluka ndi foni. Pofika madzulo, kumudzi mbalameyo inali itasanduka kadzidzi, ndipo woiponya anali atadziwika kale: bambo wina amene anakangana nawo za malire a munda.

M'mawa mwake namwino anatikhazika pansi, uku akundiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Syrinx ya munthu, iye anatero, ndi mphako yodzadza madzi imene imapangika m'kati mwa mtsempha waukulu wodutsa mu msana. Matendawo amatchedwa syringomyelia. Mphakoyo ikamakula imaononga timitsempha touza ubongo kuti apa pawawa kapena patentha, ndiye munthu amagwira khala la moto ngati wagwira mbatata yozizira. Za nthenga kapena mlomo, ayi.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti liwulo ndi la Chigiriki, lotanthauza chitoliro cha bango. Asayansi analibwereka kawiri, kwa mbalame ndi kwa msana, osaganizira anthu othamanga pakamwa ngati ine. Ngakhale sirinji yobayira jakisoni dzina lake linachokera komweko.

Mlandu unakathera kwa amfumu. Ndinaima pabwalo n'kufotokoza za mapapo a njiwa, anthu akuseka mpaka kugwira nthiti, ndipo ndinapepesa bambo uja ndi nkhuku ziwiri.

Tsiku lokaonananso ndi dokotala litakwana, amalume anatenga mdzukulu wawo wa Sitandade 8.