Funso lachiwiri silifunsidwa

Pulogalamu ya kompyuta ikapatsidwa mfundo ziwiri zoti iyese, imayambira kumanzere, ndipo yankho likadziwika imasiyira pomwepo. Akatswiri amati short-circuit evaluation, ena n'kumaitchula ndi dzina la John McCarthy, yemwe adayambitsa chinenero cha Lisp mu 1958.

M'zinenero monga C ndi JavaScript, chizindikiro && chimafuna kuti mfundo zonse ziwiri zikhale zoona. Yoyamba ikakhala yabodza, yachiwiri siyang'anidwa n'komwe. Chizindikiro || chimakhutira ndi imodzi: yoyamba ikakhala yoona, nkhani yatha. Ulesi umenewu uli ndi phindu. Wolemba pulogalamu amayamba wafunsa ngati nambala si 0 asanagawe nayo, motero pulogalamu siigwa. Chachikulu n'kudziwa funso loika patsogolo.

Luso limeneli lidafika kalekale ku Mangochi popanda kompyuta. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni ya mlembi wa danga lino, wothirira maluwa a eni ake ku Randburg, siipuma. Mafunso amakhala awiri: "Achimwene, mwatumiza?" ndi "Nanga muli bwanji ku Joniko?" Akangoti sanatumize, lachiwirilo limafera m'kamwa, ati mayunitsi atha. Umenewo ndiye &&.

Nayenso || alipo. "Mwatumiza pa Mukuru, kapena mwapatsira a basi ku Park Station?" Akati pa Mukuru, foni imadukanso. Choncho atumize, asatumize, za chifuwa chake palibe adazimvapo. Naye mkuluyu adachenjera nazo: akaona nambala yoyamba ndi +265 mwezi usanathe, sayesanso mfundo ina, ngakhale woimbayo akhale apongozi ofuna kungopereka moni. Apongozi otere sanaonekebe.

Kumene njirayi siiseketsa ndi pa zipata za makiliniki ena a boma mu Johannesburg, pomwe mu 2025 magulu ena ankaimika odwala n'kumawafunsa ziphaso. Funso loyamba linali la chiphaso, lachiwiri la matenda, ndipo mayi wobereka mwana wotentha thupi ankabwezedwa lachiwirilo lisanafunsidwe. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa a 1996 limapereka ufulu wa chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, ndipo limaletsa kukaniza munthu chithandizo chadzidzidzi. Pa chipata cha kiliniki, funso loyamba liyenera kukhala la matenda.