Masabata atatu ndikusema besi

Kuno ku Kawale anthu amandidziwa ngati wometa. Koma ndikangosesa tsitsi n'kutseka shopu madzulo, ndimasanduka polodyusa. Situdiyo yanga ndi kachipinda kosungiramo matumba a chimanga, kukhoma ndinamata mathileyi a mazira, ndipo laputopu yake imapumira m'mwamba ngati nkhalamba yokwera phiri la Bunda.

Zaka zitatu ndakhala ndikuphika mabiti pa FL Studio mtima uli m'malo. Ndikafuna piyano ndimatsekula ndandanda wa mapreseti, mawu okonzeratu aja, n'kudina. Ndikafuna besi, 808 ilipo. Mafana a ku Biwi ndi Area 23 amabwera, kurapa, kulumbira kuti ndalama atumiza pa foni mawa, kenako nambala zawo n'kusiya kupezeka. Tinazolowerana.

Anandisokoneza ndi alamu anga a ku Area 25, amene anakhalako ku Joni miyezi isanu ndi itatu koma amayankhula ngati mchombo wawo unagwera ku Soweto. Atamvera biti yanga anapukusa mutu.

"Alamu, izitu ndi zapakaunjika. Kabelu kameneka kali m'nyimbo iliyonse kuchokera ku Mgona mpaka ku Chinsapo. Polodyusa weniweni amasoka yekha."

Usiku umenewo nsima sinatsike. M'mawa mwake ndalama ya makala ndinagulira bandulo, n'kuyamba sukulu ya sound design, luso lopanga mawu ako kuchokera poyambirira.

Phunziro loyamba linali oscillator, pamene phokoso limabadwira. Lachiwiri filter, yomwe ndi sefa chabe: gaga atsale, ufa udutse. Lachitatu ndi limene ndinalimvetsa bwino, envelope, chifukwa limafanana ndi mlendo. Attack ndi mmene amalowera pakhomo, decay ndi mmene amatsitsira mawu akapatsidwa mpando, sustain ndi mlingo umene amachezera, release ndi mmene amatsanzikira. Release yanga inali ngati amalume a ku Kasiya, otsanzika Lolemba n'kunyamuka Lachisanu.

Sabata yoyamba ndinapanga mawu amene ndinkati ndi vayolini. Mayi a kunyumba analowa ndi tochi. "Bambo ake mwana, tsekani zenera, udzudzu walowa." Sabata yachiwiri ndinalimbana ndi besi. Ndinasanjikiza mafunde atatu a saw wave, ndikupotokola kabatani kalikonse komwe kandiyang'ana, ndipo ndinangomva odi pakhomo. Mayi ena oyandikana nawo, chidebe cha chimanga kumutu, akufunsa ngati chigayo chatsopanochi chimakonolanso.

Sabata yachitatu ndinati basi, ndipange 808 yangayanga ndi sine wave imodzi yoyera. Pa laputopu sinamveke. Ndinakweza, zii. Kukwezanso, zii. Sindinkadziwa kuti timasipika ta laputopu ndi foni sititulutsa mawu otsika chotero, ndipo n'chifukwa chake akadaulo amaidetsako besi ndi distortion kuti ibereke timawu tapamwamba tomveka ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ine ndinakabwereka sipika ya kwaya ya kumpingo kwathu. Inalira kamodzi kokha, mathileyi a mazira anayi n'kugwa, ndipo mpaka lero kwaya ikuimba ndi pakamwa. Nkhani yanga ili kwa akulu ampingo.

Kenako kunabwera kasitomala, mfana wa ku Chinsapo, ndalama ili m'manja, chinthu chosowa ngati mvula ya mu Julaye. Ndinamuikira biti ya masabata atatu ija. Anamvera mwaulemu, maso ali kudenga.

"Madala, ili bho. Koma mulibe ina?"

Mokwiya ndinatsekula ina imene ndinaphika mphindi makumi awiri ndikudikira kuti nyemba zipse, mapreseti okhaokha, kabelu kaja kali pomwepo. Mfana anadumpha pampando. "Iyi ndiye yabeba!" Analipira osanenerera.

Ndiye ndinayamba kufufuza, mwina pofuna kudzitonthoza. Log drum ya amapiano, imene alamu anga amavina atatsinzina, ndi preseti yopezeka mu Fruity DX10, mu FL Studio momwemu. Anyamata a ku South Africa anangoitola n'kuiphunzitsa kuyenda. Sleng Teng ya Wayne Smith ndi King Jammy, imene inatembenuza dancehall ku Jamaica mu 1985, inachokera pa preseti ya kakiyibodi ka Casio MT-40. Ngakhale 808 yeniyeniyo, makina a Roland a mu 1980, sinayende malonda poyamba chifukwa anthu ankati ng'oma zake n'zabodza. Anyamata a hip-hop anaitola itatsika mtengo. Kaunjika ameneyo, alamu.

Komabe ndisaname, masabata aja sanapite pachabe. Lero kabelu kakachuluka ukali ndimakasefa, besi ikatalika mchira ndimaidula. Sindine telala, koma buluku la pa kaunjika ndimatha kulipinda miyendo.

Osoka okha alipo, ndipo sali ku Joni. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe yomwe ino. Besi yawo ndi babatoni, bokosi lokutidwa ndi chikopa, mtengo wautali ndi waya mmodzi, yopanga ndi manja, ndipo yawafikitsa ku Ulaya kangapo. Nditatchula zimenezi pa chakudya, mayi a kunyumba anabisa waya woyanikira zovala ndi mbuzi yomwe.

Mafana nonse amene muli ndi ngongole yanga, shopu imatsekulidwa 7 koloko m'mawa, ndikufuna kugula sipika ya kwaya. Ofuna besi ya chigayo ija ikadalipo, mubwere ndi matumba anu.