Ndevu Zophuka mu Epulo

Epulo akangolowa mumzinda wa Toronto, anthu amasiya kufunsana kuti mwadzuka bwanji. Awiri akakumana pasiteshoni, woyamba amati, "Chaka chino ndi chathu." Mnzakeyo amavomera kuti, "Ndi chathudi." Kenaka onse amayang'ana kumbali, pakuti mawu omwewa anauzana chaka chatha, ndipo makolo awo ankauzananso ali anyamata. Timu yawo ya hockey, masewero aja othamangitsana ndi ndodo pa ayezi, inanyamula chikho cha Stanley komaliza mu 1967, ligi ya NHL ili ndi matimu 6 okha. Lero muli matimu 32. Mwa amenewa, 16 amalowa m'ndime ya chipulula, ndipo wofuna chikho ayenera kudutsa ndime zinayi, iliyonse apambane masewero anayi mwa asanu ndi awiri. Toronto Maple Leafs imaidziwa bwino ndime yoyamba. Zinazo kawirikawiri imangomva kwa anzake.

Wofuna kumva mtima wa mzindawu m'nyengo imeneyi apite pamalo ometera. Mu Epulo 2025, kababashopu kena ka ku Scarborough kanali kodzaza, koma makina ometera ali zii. Pali mwambo woti chipulula chikayamba, osewera sameta ndevu mpaka timu yawo itatuluka kapena itatenga chikho, ndipo masapota anautengera mwambowo. Choncho amuna ankabwera, kukhala pabenchi, kukanda zibwano zawo, n'kuyamba kuphunzitsa kochi ntchito.

"Kodi sizikupwetekani, bwana, anthu kudzaza chonchi koma wometa palibe?" anafunsa mnyamata wina amene maso ake sankachoka pafoni.

"Ine?" anatero mwini malowo, akupukuta galasi. "Amvereni chisoni ometa a ku Florida. Chaka chatha ndi dzana lomwe anakhala miyezi iwiri osakhudza ndevu. Kuno ndimapuma milungu iwiri basi, kenako mzere umafika pamsewu. Timu imeneyi sinandigwiritsepo mwala."

Panali madala ena, amene anagwira ntchito yoyendetsa mabasi a mumzinda mpaka kupuma. Iwo ndi okhawo m'nyumbamo amene anachiona chikho chikuyenda m'misewu ya Toronto, ali pamapewa pa bambo awo. Chifukwa cha ichi anali ndi mpando wawowawo, ndipo aliyense ankadziwa kuti akati "mu 1967" ndiye kuti tiyi wazizira.

"Musamalankhule choncho pamaso pa ana," anatero madalawo. "Chaka chino tili ndi Auston Matthews. Munthu anagoletsa zigoli 69 chaka chatha."

"M'ligi," anatero mwamuna wina pakona, wovala jezi yofiira ya Montreal Canadiens. Munthuyu sankalankhula zambiri. Ankangotchula manambala awiri, 24 ndi 1993, ndiko kuti zikho za timu yake ndi chaka chimene inatenga chomaliza. Kuchokera chaka chimenecho palibe timu ya ku Canada yachitengapo, koma iye ankalankhula ngati phwandolo linali la dzulo.

Mwadzidzidzi mnyamata wa foni uja anakuwa. Tikiti imene ankaizonda kuyambira m'mawa inali itakweranso mtengo iye akuonerera. Inali ya mpando wa kumtunda kwenikweni m'bwalo la Scotiabank Arena, kumene osewera amaoneka ngati nyerere pa mbale ya shuga, koma mtengo wake unali wa madola mazanamazana. Atadina kuti agule, pansi pake panatulukanso ndalama ina yolipirira kugulako.

"Ndalama yolipirira chiyani?" anafunsa madala.

"Yolipirira kuti ndalipira."

Apa bambo wina wa tayi, wogwira ntchito yowerengera ndalama, anakonza kukhosi. Anafotokoza kuti malipiro a osewera amathera pa masewero a ligi. M'chipulula amangolandira kabonasi. Ndiye masewero aliwonse apakhomo m'nyengo imeneyi ndi kholola la eni timu, kampani ya Maple Leaf Sports & Entertainment. Timu ikadutsa ndime imodzi, matikiti a ndime yotsatira amakwera. Pamwamba pa apo pali adobadoba a pa intaneti, amene amagula tikiti asakudziwa n'komwe mtundu wa jezi ya timu, n'kuigulitsanso pa mtengo umene wawabwerera m'mutu. Mu 2017 boma la Ontario linakhazikitsa lamulo loti wogulitsanso asaonjezere kupitirira theka la mtengo woyamba, koma boma la Doug Ford litalowa mu 2018 linaimitsa gawo limenelo lisanayambe n'kugwira ntchito komwe.

"Ndiye mukutanthauza kuti tikapambana, ndidzalephereratu kulowa?" anafunsa mnyamatayo.

"Walira mvula walira matope," anatero wa tayi.

M'nyumbamo munabuka phokoso. Aliyense anali ndi wake womuloza chala: eni timu, adobadoba, boma, ndipo wina anatchula goloboyi, ngakhale kuti nkhani inali ya matikiti. Koma onse anagwirizana pa mdani mmodzi, anthu a mipando ya platinum. Iyi ndi mipando ya m'mphepete mwa ayezi, imene yambiri imagulidwa ndi makampani kwa chaka chonse. Amakhalapo ndi amuna a masuti a pa Bay Street, amene amabwera kudzasangalatsa makasitomala awo. Chigawo chachiwiri cha masewero chikayamba, kamera imaonetsa mipandoyo ili yokhayokha, eni ake akadali m'zipinda zapansi, akudya sushi ndi kupatsana manambala a foni. Nthawi yomweyo kunja kwa bwalo, pa Maple Leaf Square, khamu la achinyamata limakhala litaimirira pamphepo, nthawi zina pamvula, likuonera pachikanema chachikulu, mawu atasasa ndi kukuwa. Osewera akafuna kumva kuti akukondedwa, angachite bwino kutsegula zitseko.

"Nthawi yathu sizinali choncho," anayamba madala, ndipo anthu anakonza makhalidwe. Anakamba za Maple Leaf Gardens, bwalo lakale la pa Carlton Street, limene timu inasewerapo kuyambira 1931 mpaka 1999. Anati kumeneko wokonza mapaipi ankakhala moyandikana ndi loya, onse n'kumatukwana woimbira mmodzi. Lero pansi pa nyumbayo pali sitolo yaikulu ya zakudya ya Loblaws, ndipo pamalo pamene panali pakati pa bwalo anajambulapo kadontho kofiira.

"Ndimapitako Loweruka lililonse," anatero. "Ndimaima pakadonthopo ndi ngolo yanga yogulira zinthu. Palibe amandifunsa tikiti."

"Ndipo chikhocho, agogo, si chili mtauni momwemuno?" anatero wa Montreal uja, amene tsikuli anaganiza zoonjezera mawu. Ankanena zoona. Chikho cha Stanley chimasungidwa ku Hockey Hall of Fame, pamphambano ya Yonge Street ndi Front Street, mtunda wa mphindi zochepa wapansi kuchokera pabwalo la timuyo. Aliyense wolipira pakhomo amatha kuima pambali pake n'kujambulitsa. "Bwanji osangowatengera osewera anuwo kumeneko? N'zotchipa."

Madala anaimirira. Mwini malo analowa pakati ndi thaulo. Mtendere utabwerera, mnyamata wa foni analumbira kuti iye basi, sadzaperekanso ngakhale senti kwa anthu amenewa. Akafuna kuonera timu yake, adzawoloka malire kupita ku Buffalo monga amachitira anzake ambiri, kumene tikiti, mafuta a galimoto ndi chakudya zonse pamodzi zimatha kuchepera tikiti ya pakhomo. Wa tayi anati anthu onse angosiya kugula. Onse anawomba m'manja. Anagwirizana zonyanyala, ndipo wina anati alembe kalata.

Mayi wina, amene anabwera kudzametetsa mwana wake ndipo anali atadikira nthawi yaitali, anafunsa modekha.

"Pepani abambo, ine za hockey sindizidziwa. Timu imeneyi ikaluza, mipando imatsala?"

Anamuuza kuti ayi, imadzaza.

"Nanga ikakweza mtengo?"

Imadzazabe. Pali ngakhale mndandanda wa anthu odikira kugula matikiti a chaka chonse.

"Ndiye ipambanirenji? Ine ndikanakhala ndi golosale yoti ndikagulitsa buledi wa dzana anthu akukanganirana, uvuni ndikanauyatsiranji m'mamawa?"

Palibe anayankha. Madala ananong'oneza wa tayi kuti vuto la anthu osatsata masewero ndi limeneli, samvetsa. Kenaka anayamba kufotokozera mayiyo mbiri, poganiza kuti amuthandiza. Anamuuza za 2013, pamene timu inkatsogola 4-1 ku Boston m'chigawo chomaliza cha masewero achisanu ndi chiwiri, n'kuluza 5-4. Anamuuza za 2021, pamene inatsala ndi masewero amodzi kuti itulutse Montreal, n'kuluza atatu otsatizana. Wa pakona uja anagwedeza mutu mokhutira. Anamuuzanso za 2023, pamene inadutsa ndime yoyamba kwa nthawi yoyamba chichokereni 2004, anthu n'kuvina m'misewu ngati chikho chabwera. Ankafotokoza zonsezi monyadira, madeti ndi zigoli zili pamtima. Mayiyo anangoti, "Pepani kwambiri," monga amanenera pa maliro, n'kukweza mwana wake pampando.

Chaka chimenecho mwini malo anatsala pang'ono kuda nkhawa. Timu inatulutsa Ottawa, n'kuyamba bwino ndime yachiwiri pogonjetsa Florida Panthers kawiri. Ndevu zinakula mpaka akazi ena anayamba kudandaula. Kunyanyala kuja palibe anakukumbukanso, ndipo kalata ija sinalembedwe. Pa 18 Meyi, m'masewero achisanu ndi chiwiri, pakhomo pawo, pamaso pa anthu amene analipira ndalama zoboola m'thumba, Maple Leafs inakwapulidwa 6-1 ndi timu ya kudziko kopanda chisanu. Masapota ena anavula majezi awo n'kuwaponya pa ayezi.

M'mawa mwake linali tsiku la tchuthi cha Victoria Day, koma mwini malo anatsegula molawirira, makina atathira kale mafuta. Woyamba pamzere anali mnyamata wa foni, atavala malaya wamba. Anavomera kuti analiko. Ndalama ya tikiti anatapa pa ya lendi, ndipo jezi imodzi mwa zimene zinagwa pa ayezi inali yake.

"Ndinawaonetsa," anatero, thovu lili pachibwano. "Adziwe kuti ife si ana."

"Mwachita bwino," anatero mwini malo. "Nanga mu Okutobala ligi ikayamba mudzavala chiyani?"

Mnyamatayo anakhala kaye chete, n'kutulutsa foni.

"Akuti kusitolo ya timu majezi atsitsako pang'ono sabata ino."