Mlandu wa Kalata Yobwezedwa Pachipata

Nduna itawomba m'manja kuti anthu akhale chete, inalengeza kuti mlandu wa tsikulo unali wa a Imelo, amene ankasumira a Seva Yolandira, mlonda wa chipata cha kutsidya, chifukwa chowabweza pakhomo ngati wakuba. Nkhuku ya chabwalo inali chimangire patsinde pa kachere.

"Yambani, a Imelo," inatero mfumu.

"Zikomo, Gogo. Ine ndine kalata yaulemu wake. Abwana anga, awa akhala apawa, amagulitsa simenti ndi malata, ndipo anandituma kukasiya invoisi kwa kasitomala. Pachipata ndinapereka moni motsata mwambo wathu wa SMTP, umene Jon Postel analemba mu 1982. Ndinatchula kumene ndachokera ndi kumene ndikupita. Koma bambo awa anangondiponyera nambala kumaso, ati 550, chitseko n'kutseka."

Abwana aja anadzambatuka asanapatsidwe mpata. "Ndinamutumanso, Gogo, mobwerezabwereza! Rauta ndinazimitsa n'kuyatsanso. Bandulo ndinagula ina. Netiweki ndinaitukwana mpaka mayi akunyumba anandiletsa."

"Khalani pansi, yanu nthawi ikubwera. A Seva, mwamva?"

A Seva anayankha osatekeseka. "Ndamva, Gogo. Kukana kwanga kuli pawiri. Nambala ikayamba ndi 4, monga 421 kapena 451, ndikutanthauza kuti mubwerenso, ndipo seva yotumiza imayesanso yokha kwa masiku anayi kapena asanu. Ikayamba ndi 5, ndakana basi, kugogodanso n'kungopweteka chala. Komanso sindikana chamumtima. Chifukwa chake ndimalemba, a Mailer-Daemon n'kukapereka kwa mwini kalata."

A Mailer-Daemon, mthenga amene sanalandiridwepo ndi chimwemwe pakhomo lililonse, anati anakapereka tsiku lomwelo. "Munalembedwa 5.7.26, kusonyeza kuti kalatayo inalibe umboni woti yachokeradi kwa mwini dzina. Abwanawa atangoona Chingerezi chambiri ndi manambala, anandifufuta osandiwerenga. Nthawi zonse amatero."

Anthu anang'ung'udza. Ena anazolika, poti nawonso khalidwe ndi lomwelo.

Kenako anaitanidwa a SPF, mlembi wosunga kaundula mu DNS. Anavala magalasi, n'kutsegula buku lawo. "Muno ndimalemba maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina la domeni. Abwanawa anasamutsira makalata awo ku kampani ina yotchipa, koma m'buku muno mukadali adiresi yakale. Mphwawo, amene pamudzi pano amatchuka kuti amadziwa makompyuta, atauzidwa sanakonze mzere wakalewo. Anangolemba wina pansi pake. Domeni ikakhala ndi mizere iwiri ya SPF, yonse imasanduka yopanda ntchito."

Mphwake uja anayamba kuyang'ana kumwamba ngati mu kachere mwatera mbalame yachilendo.

A DKIM sanataye nthawi. Anati ntchito yawo ndi kudinda kalata ndi kiyi wachinsinsi, pamene kiyi mnzake amaikidwa mu DNS kuti wolandira atsimikize kuti chidindocho n'chenicheni ndipo kalatayo sinasinthidwe panjira. "Koma ine sanandiyatse n'komwe. Chisamukire ndili m'dirowa."

"Ndiye ngati kaundula wasokonezeka, chidindo palibe, anakuuzani ndani kuti muibweze m'malo mongoiponya kudzala la sipamu?" inafunsa mfumu.

A Seva analoza a DMARC, nkhalamba yomwe inali phee chiyambire mlandu.

"Ine, Gogo, ndimangonena zofuna za mwini domeni," anatero a DMARC. "Akhoza kusankha zitatu. Akalemba p=none, ndiye kuti ingoyang'anirani, muzindipatsa malipoti. Akalemba p=quarantine, ndiye iikeni pambali. Akalemba p=reject, ndiye ibwezeni. Mphwawoyo anakopera mzere pa intaneti osaumvetsa, ndipo mzerewo unali wa p=reject. Amene analamula kuti kalata yopanda umboni izibwezedwa ndi abwana omwewa. A Seva anangomvera."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mayi wina anachita kugwira m'mimba. Abwana anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso.

"Koma Gogo, kale makalata anga ankadutsa popanda zonsezi!"

"Kale linapita," anayankha a Seva. "Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, komanso adiresi ya IP ya seva yake ikhale ndi PTR, kuti nambala ikafunsidwa itchule dzina la seva. Wotumiza makalata 5,000 kapena kuposa patsiku ku Gmail akhale ndi zonse zitatu, SPF, DKIM ndi DMARC, ndipo madandaulo a sipamu asafike pa 0.3 peresenti. Ndipo poti mwandikokera kuno, ndinene ndi ichi. Ku kampani yotchipayo mumagawana IP imodzi ndi anthu ambirimbiri. Mmodzi mwa iwo akamagona usiku akutumiza makalata olonjeza chuma cha masiye, IP imeneyo ikhoza kulembedwa pa mndandanda wa Spamhaus, ndipo nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Kafufuzeni."

Mfumu inanong'onezana ndi nduna zake kwa kanthawi, kenako inakhosomola.

"Bwalo lapeza kuti a Seva alibe mlandu, abwerere kuchipata chawo. A Imelo nawonso ngosalakwa, anangotumidwa opanda mapepala. Inu abwana, mizere iwiri ya SPF ija isanduke umodzi wokhala ndi seva yatsopano. A DKIM atuluke m'dirowa lero lomwe. DMARC muibweze pa p=none kufikira malipoti atasonyeza kuti makalata anu onse akukhoza, kenako muikhwimitse. Mukakonza mudikire kuti DNS isinthe, mudzitumizire kalata ku akaunti ina, muone ngati pa SPF, DKIM ndi DMARC palembedwa pass. Mphwanuyo asakhudzenso DNS popanda munthu wamkulu pambali. Chindapusa ndi mbuzi imodzi kwa a Mailer-Daemon chifukwa chowafufuta osawawerenga, ndi nkhuku ziwiri kwa netiweki imene munaitukwana popanda chifukwa. Mlandu watha."