Jekete Yanga Ikudikira Phula

Thiransipoti yakweranso. Dalaivala wa Sienta amene amatinyamula kuno kumapiri, munthu amene amakhazika anthu atatu kutsogolo iye n'kumawongolera theka la thupi lili panja, wandiuza kuti ndalama imene ndinkapitira ku Lilongwe ndi kubwerera tsopano izingondifikitsa. Zobwerera ndikaonera komweko. Nditafunsa chifukwa, anati mafuta. Ndinati mafuta akwera dziko lonse, nanga a ku Dedza bwanji sakulira ngati ife?

"Madala, a ku Dedza amayenda pa phula," anatero. "Ine mwezi ndi mwezi ndimaika maliro a tayala."

Ndinangoti chete, poti munthu sukangana ndi mwini galimoto uli ndi thumba la soya padenga.

Kwa inu amene simukudziwa kwathu, njira yake ndi iyi. Mukachoka mumzinda pa M1, mumakhota pa Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu. Phula limakuperekezani mwaulemu mpaka pa Dzaleka, n'kupitirira kukafika pa boma la Dowa, kenako kutsetsereka mpaka pa Chezi pa msewu wa ku Salima. Koma cha pa Dzalekapo pali mphanda yolowera kumpoto, yopita ku Ntchisi mpaka kukatulukira pa Malomo, pa msewu wa Kasungu ndi Nkhotakota. Pa mapu, msewu umenewu ndi M7. Mwana wanga wa Sitandade 7 anandionetsa mzere wake wonenepa bwino, wa banja limodzi ndi M1. Amene anajambula mapuwo ndikufuna ndidzamuone, ndimugulire chipisi, kenako tidzayende limodzi mu February.

Tsono nkhani ya jekete.

Nthawi ya Bingu wa Mutharika, pamene makina anayamba kukumba msewu wa Lumbadzi, Dowa mpaka Chezi, mphekesera inafika m'mudzi kuti akamaliza kumeneko akhotera kwathu. Ine, pokhala munthu woona patali, ndinagulitsa mtedza n'kupita pa kaunjika pa Mponela kukagula jekete. Yakuda, ya mabatani atatu, ya mapewa otukuka ngati a nduna. Cholinga chinali chimodzi: tsiku lodula riboni ya msewu wathu, ndidzaime kutsogolo, kuti kamera ya MBC ikamadutsa, dziko lidziwe kuti ku Ntchisi kulinso anthu ovala. Ndinalumbira kuti sindidzaivala tsikulo lisanakwane.

Bingu anamwalira mu 2012, msewu wa Dowa womwewo usanathe. Anabwera Mayi Joyce Banda, jekete ili pa msomali. Anabwera a Peter Mutharika, jekete ili pa msomali. Mu 2020 anabwera a Lazarus Chakwera, ndipo ndinaitsitsa, n'kuikuntha, n'kuiyanika padzuwa, poti ndinati tsopano zatheka. Madzulo ndinaibwezera pa msomali. Msomaliwo unachita dzimbiri, ndinakhoma wina.

Musandimve molakwa, sikuti palibe chimene chachitika. Makina amabwera. Amakumba, amathira dothi, amaika zikwangwani zotipepesa chifukwa cha kusokonezeka kwa maulendo, ngati kuti kale maulendowo anali olongosoka. Penapake phula limaonekadi, lakuda bii, losalala, mpaka dalaivala amatsegula wailesi. Musanamalize kuyamika Mulungu, mumangomva gu! Mwabwerera m'dziko lanu. Nthawi imene makinawa amachuluka ndi imene nsalu za zipani zimachulukanso, koma ine sindikunena kanthu, mwina amangokondana.

Jeketeyo pakadali pano yaona zambiri. Fashoni ya mabatani atatu inatha, anyamata n'kumandiseka. Yabwereranso, anyamata omwewo akufuna kubwereka. Mwana wanga woyamba, amene ankakwawa tsiku limene ndinkaigula, anaipempha kuti akafunsirire mbeta. Ndinakana. Njenjete zinatsegula ofesi m'thumba lamkati, ndipo kunena zoona ndi zokhazo zimene zagwira ntchito mosalekeza pa chitukuko chimenechi. Chaka chatha ndinaiyesa mobisa. Batani lapakati silifikanso pa bowo lake. Pakati pawo patsala mtunda umene sindikudziwa kuti ndi kontirakitala uti angaumalize.

"Abambo ake," anatero amake ana, "bwanji jekete imeneyi tikaimike kudimba iziopseza anyani? Kumeneko bola igwira ntchito."

Ndinawauza kuti chitukuko sachidziwa.

Ena amati tisamadandaule, poti boma la Ntchisi lili ndi phula lodzera ku Mponela. N'zoona. Koma kwa ife okhala pakati pa Dzaleka ndi boma, kudzera ku Mponela ndiye kuti uyambe wathawa Lilongwe kuti ukafike ku Lilongwe. Ndipo mbiri ya kuno ndi yaitali kuposa kuleza mtima kwathu. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ku Kongwe mu 1894, kulibe galimoto. Robert Blake, mmodzi wa amishoniwo, amene sukulu ya sekondale ya ku Kongwe inatenga dzina lake, atadzuka lero angadabwe ndi mafoni, angadabwe ndi ma Sienta, koma njira zina za m'mapiri muno sangasochere. Angazipeze momwe anazisiyira.

Dzaleka nayo inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, isanasanduke msasa wa othawa kwawo mu 1994. Lero kuli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Mmodzi wa iwo, bambo amene anadutsa malire a maiko angapo kuti afike kuno, anabwera kwathu pa njinga yamoto nthawi ya dzinja kudzafuna nyemba. Atatsika, matope mpaka m'makutu, anandigwira dzanja n'kundipepesa. Iyeyo kupepesa ine.

Chimene chinandimaliza ndi cha pa Area 18 ku Lilongwe. Pamenepo anamanga msewu wodutsa pamwamba pa msewu unzake, woyamba wa mtundu wake m'dziko muno, pa kanjira ka makilomita owerengeka kochokera ku Nyumba ya Malamulo kupita ku bwalo la masewero la Bingu. Ndinaima pambali n'kumayang'ana. Phula pansi, phula pamwamba, phula lina likungozungulira lokha m'mbali kusowa kopita. Anthu a m'tauni misewu yawachulukira mpaka akuisanjikiza. Ndinafunsa mnyamata wogulitsa mayunitsi ngati wapamwambawo akuugwiritsa ntchito masiku onse, kapena angatibwereke nthawi ya mvula. Anandiyang'ana nsapato, zofiira ndi dothi la kwathu, n'kusuntha tebulo lake.

Ndinaganiza zobweretsa jekete kuti ndidzajambulitse pamenepo, koma lumbiro ndi lumbiro. Si phula langa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife nkhonoyo taiona maso, taiona ndi nsidze zomwe. Ndipo apa ndisiye kaye nthabwala. Pa lita iliyonse ya mafuta pali ndalama ya misewu imene imapita ku Roads Fund Administration. Dalaivala wathu amailipira, n'kuitenga kwa ine, ndiye kuti msewu ndimaulipira ngati wa ku Area 47 aliyense, kenako n'kulipiranso matayala amene msewuwo wadya. Venda akabwera ndi sikelo yake kudzagula soya kapena mbatata ya kachewere, amadula mtengo ponena kuti njira ndi yoipa, ndipo sanama. Feteleza amafika atakwera, mbewu zimachoka zitatsika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tonse tinalira, koma wa kumapiri analira kawiri. Choposa zonse, mayi amene matenda a uchembere amuyamba usiku wa mvula sangadikire gawo lachiwiri la ntchito ya msewu. Amakwera ngolo. Ena safika.

Ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Voti ya Dowa ndi Ntchisi imadziwika komwe ipite chisankho chisanachitike. Amene sitimuvotera amati adzivutiranji, amene timamuvotera amati awa ndi athu kale, adikira. Kukhulupirika kwathu ndi kumene kwatitchipitsa.

Basi, ndabwerera ku jekete, poti mtima wanga suchedwa kuthamanga. Ndauza kale a m'banja kuti ndikatsogola msewu usanathe, asandiveke. Ipite kwa mdzukulu, pamodzi ndi msomali wake, ndi malangizo oti aziikuntha chaka cha chisankho chilichonse.

Kwa inu mabwana amene mudzabwere kudzaikanso mwala wa maziko, pempho langa ndi laling'ono. Miyala tili nayo yambiri, ndi kumapiri kuno. Musadzabwere mu August, giredala itadutsa dzulo lake ndi thanki yothira madzi. Mudzabwere mu February, musadzere ku Mponela, ndipo galimoto zazitalizo mudzazisiye pa Dzaleka. Sienta ndidzakulipirirani ndine, ulendo wopita wokha.